Ndimadziona wachabechabe, therapist wa pa intaneti ndingamusankhe bwanji?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa kwathu yemwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Akuti: "Kuyambira ndili mwana ndimadziona wosafunika. Kuntchito akandiyamikira ndimaganiza kuti akungondinamiza, akandidzudzula pang'ono tulo sindilipeza. Ndikufuna therapist wa pa intaneti chifukwa mashifiti anga sangandilole kumapita ku ofesi ya munthu, koma ndikafufuza pa Google alipo ambirimbiri ndimangosokonekera. Ndisankhe bwanji? Nanga ndifune Mmalawi mnzanga kapena wa konkuno?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa. Ndiyambe ndi chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa anthu ngati inu: vuto lomwe mukufunira thandizoli ndi lomwenso lidzakusokonezeni posankha therapist, katswiri wothandiza anthu pa zamaganizo pokambirana nawo. Munthu wodziderera safunsa mafunso, amaopa kuoneka wovuta, akapezana ndi therapist woti sakumvana naye amangopirira, kumalipira sabata ndi sabata, kumagwedeza mutu kuti eya zikundithandiza pamene mumtima palibe chomwe chasintha, kenako pamapeto amadziuza kuti basi vuto ndi ineyo, olo akatswiri andilephera. Nde pa zonse ndilembe apazi muzikumbukira kuti pa kukumana koyamba ndinuyo amene mukumuyesa therapist, osati iyeyo kuyesa inu.

Kuti mudziwe chomwe mukufunafuna, mumvetse kaye mmene kudziderera kumagwirira ntchito. Katswiri wina wa ku Oxford, Melanie Fennell, anakufotokoza bwino m'zaka za m'ma 1990 ndipo ma therapist ambiri ku Britain amatsatira mafotokozedwe akewo. Zimayamba ndi zomwe munthu wadutsamo, kawirikawiri akadali wamng'ono. Mwina munaleredwa kwa azakhali komwe ana awo amadya kaye inu n'kudya zotsala. Mwina tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi akamaitana mayina kuyambira nambala wani kutsika mmunsi, lanu limamveka kumapeto anthu akuseka. Mwina kunyumba amakuyerekezani ndi mkulu wanu tsiku ndi tsiku, kapena amakunenani khungu, kapena simunasankhidwe kupita ku sekondale. Mwana sangathe kunena kuti akuluakuluwa akulakwitsa, nde amangodzigamula yekha kuti ndine mbuli, ndine mtolo kwa anthu, sindikondeka. Chigamulo chimenecho chimakhazikika ngati choonadi. Kuti moyo uziyendabe munthu amadzipangira malamulo: ndisakane munthu akandipempha, ndisalakwitse olo kamodzi, ndisalankhule pagulu angandione kuti sindidziwa kanthu. Malamulowo akamatheka mumamva bwinoko, koma tsiku lomwe manejala wakuuzani kuti mwalemba molakwika mu fayilo ya wodwala, chigamulo chakale chija chimadzuka, mumagona mukuwerenga malata, mawa lake mumavomera shifiti ina yowonjezera kuti mukonze dzina, ndipo kutopako kumakupangitsani kulakwitsanso. Zimangozungulira choncho.

Ndafotokoza izi motalika dala chifukwa therapist wabwino pa nkhani imeneyi ndi amene amagwira ntchito pa kuzungulira kumeneku. Si amene amangokuuzani kuti ndinu okongola, ndinu olimba, dzikhulupirireni. Mawu otere amakoma pa mphindi imeneyo koma sakhalitsa, pena amapweteka kumene. Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake a pa University of Waterloo ku Canada anapeza kuti anthu odziderera atauzidwa kuti azibwereza mawu odzitamanda oti ndine munthu wokondeka, anamva kuipa kuposa anzawo omwe sanabwereze. Chifukwa chake n'chosavuta, mtima umangoyankha kuti bodza, n'kuyamba kukukumbutsani maumboni onse otsutsa. Inunso mwanena nokha kuti akakuyamikirani mumati akukunamizani. Nde munthu amene ntchito yake yonse ndi kukuyamikirani azakhala mmodzi mwa onama aja m'maso mwanu.

Chomwe chimathandiza ndi kuyesa. Mu njira yothandiza munthu kusintha maganizidwe ndi machitidwe ake yotchedwa CBT, yomwe inayambira kwa Aaron Beck ku America m'zaka za m'ma 1960, inu ndi therapist mumatenga lamulo limodzi, tinene loti sindingakane shifiti, mumalemba zomwe mukuopa kuti zichitika mukakana, monga manejala andida, anzanga asiya kundilankhula, kenako mumakakanadi kamodzi mwaulemu, sabata yotsatira n'kubwera kudzaona kuti pa zomwe munalosera zija zachitika ndi ziti. Mumasunganso kabuku kolembamo tinthu tating'ono tomwe mwachita tsiku limenelo toonetsa kuti ndinu munthu wotani, monga munakhala pansi ndi agogo ena omwe amalira mpaka atatonthola, chifukwa mutu wa munthu wodziderera zotere umazitaya msanga n'kusunga zolakwa zokhazokha. Palinso njira ina ya Paul Gilbert wa ku Derby yotchedwa Compassion Focused Therapy, imeneyi inapangidwira makamaka anthu amanyazi kwambiri komanso odzidzudzula mwankhanza, amene amati m'mutu ndikudziwa kuti sindine wachabe koma mumtima sindikumva choncho. Ngati muzu wake ndi nkhanza zazikulu zomwe munachitiridwa, monga kugwiriridwa kapena kumenyedwa, mufune munthu amene anaphunzira za trauma, ndipo mumuuze msanga kuti nkhaniyo ilipo olo musanakonzeke kuifotokoza yonse.

Zoti pa intaneti zimathandizadi kapena ayi musadandaule nazo, kafukufuku wambiri waonetsa kuti CBT ya pa vidiyo imathandiza mofanana ndi yokumana maso ndi maso pa nkhawa ndi kukhumudwa.

Tsopano mapepala. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'dzenje chifukwa ku Britain mawu oti counsellor, psychotherapist kapena therapist satetezedwa ndi lamulo, munthu aliyense atha kudzilemba choncho pa Instagram lero lomwe olo sanaphunzirepo. Ngakhale mawu oti psychologist pa okha satetezedwa. Otetezedwa ndi monga clinical psychologist ndi counselling psychologist, amenewa ayenera kupezeka m'kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira ena mwa ogwira ntchito zaumoyo. Enawo muwayang'ane m'kaundula wa BACP kapena UKCP, omwe ndi mabungwe a ma counsellor ndi ma psychotherapist, ndipo ngati akuti amachita CBT muone ngati ali ovomerezeka ndi BABCP, bungwe la akatswiri a njirayi. Ma kaundula onsewa ali pa intaneti, aulere, mumangolemba dzina la munthuyo. Musakhutire ndi chizindikiro chomwe waika pa tsamba lake, kaoneni nokha. Phindu lake si ulemu chabe ayi, ndi loti munthu wolembetsedwa ali ndi malamulo osunga chinsinsi, ali ndi womuyang'anira ntchito yake, ndipo akakulakwirani muli ndi kokadandaula. Life coach wa pa TikTok akakulakwirani mukadandaula kuti?

Musanatulutse ndalama yesani kaye NHS Talking Therapies, thandizo la zamaganizo lochokera ku NHS, bungwe la zipatala za boma. Ku England ndi yaulere, mumadzilembetsa nokha pa intaneti osadikira kuti dokotala akutumizeni, bola mukhale olembetsedwa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, ndipo amathandiza pa foni kapena pa vidiyo. Koma mudziwe kuti iwo anakhazikitsidwa makamaka chifukwa cha nkhawa ndi kukhumudwa, poyamba amakufunsani mafunso oyezera kukhumudwa ndi nkhawa otchedwa PHQ-9 ndi GAD-7, nde mukangoti ndikufuna kudzidalira basi mwina angakupatseni zowerenga zokha. Auzeni zonse mmene zilili, zoti simugona, zoti mumalira, zoti mukadzudzulidwa mumadwala nazo masiku. Ife tinazolowera kuyankha kuti tili bwino kaya inu olo zinthu zili pothina, apa sipoyenera kutero. Kudikira kumakhalapo, kumasiyana malinga ndi dera, komanso chiwerengero cha masesheni chimakhala ndi malire. Funsaninso kuntchito ngati kuli Employee Assistance Programme, makampani ambiri amalipirira antchito awo masesheni angapo aulere ndipo zomwe mwakamba sizipita kwa bwana. Zolembedwa kwa GP nazonso bwana wanu sangazione popanda chilolezo chanu, ndanena izi chifukwa ambiri amene ali pa viza ya ntchito amaopa zimenezi n'kumangovutika chamumtima.

Mukasankha kulipira nokha, ambiri amalipiritsa pakati pa £40 ndi £80 pa sesheni ya mphindi 50, ku London ndi ma psychologist zimakwera kuposa apo. Mayina mungawapeze pa tsamba la BACP, pa Counselling Directory, kapena pa BAATN lomwe ndi bungwe la ma therapist akuda ndi ochokera ku Asia. Ambiri ali ndi mitengo yotsikirako ya anthu olandira zochepa koma sangakuuzeni musanafunse, ndiye funsani, kufunsako si kupemphetsa. Ambirinso amalola kucheza nawo mphindi 15 kapena 20 mwaulere musanagwirizane. Chezani ndi awiri kapena atatu. Nsapato ya pa kaunjika timayesa kaye tisanalipire, olo wogulitsa atalumbira kuti ndi saizi yathu.

Za ma app akuluakulu ngati BetterHelp omwe mumawaona pa YouTube paliponse, ubwino wake ndi woti mumayamba msanga, mutha kusintha therapist mosavuta, komanso nthawi zake zimagwirizana ndi mashifiti. Koma mumalipira mwezi wonse kaya mwagwiritsa ntchito kaya ayi, therapist amakusankhirani ndi iwo potengera mafunso omwe mwayankha, ndipo pa nkhani ya chinsinsi pali mbiri yoti muidziwe: mu 2023 bungwe la boma la America la FTC linalamula BetterHelp kubweza madola 7.8 miliyoni kwa makasitomala chifukwa chopereka zinthu za anthu, monga ma imelo ndi mayankho a mafunso a zaumoyo, kwa makampani ngati Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Sindikuti musagwiritse ntchito, koma ngati mwasankha kumeneko funsani dzina lonse la therapist yemwe akupatsaniyo mukamuyang'ane m'kaundula ngati wina aliyense. Ineyo kwa munthu wa vuto ngati lanu ndimakonda kuti asankhe yekha munthu wake, komanso kuti azionana pa vidiyo kapena kumvana mawu, osati kumangolemberana mameseji, chifukwa pa meseji n'kosavuta kubisala, mumalemba, mumafufuta, mumakonza mpaka zioneke bwino, pomwe chomwe tikufuna ndi choti munthu wina akuoneni mmene mulili ndipo asathawe.

Pa mphindi zaulere zija mufunse zinthu izi mosaopa, olo muzilembe pa pepala muziwerenga. Munathandizapo anthu odziderera, ndipo mumachita nawo chiyani kwenikweni? Pakati pa masesheni ndizikhala ndi chochita? Tidzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Ndikalephera kubwera chifukwa shifiti yasintha ndilipirabe, ndipo ndikuuzeni kusanathe maola angati? Zomwe mumalemba za ine mumasunga kuti, ndipo ndi pa zifukwa ziti pomwe mungauze munthu wina? Intaneti ikaduka pakati timatani? Mvetserani mayankho ake koma muonenso mmene akulandirira kufunsidwako. Amene akuyankha momasuka, mwachindunji, ndi chizindikiro chabwino. Amene akuzemba, kapena akukulonjezani kuti masabata atatu mukhala munthu watsopano, kapena akufuna mulipiriretu miyezi isanu ndi umodzi, kapena theka la nthawi akukamba za moyo wake, musiyeni.

Funso lanu lachiwiri loti Mmalawi kapena wa konko ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mbali zonse zili ndi zake. Chilankhulo chili ndi mphamvu. Mawu omwe anakupwetekani anayankhulidwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mukawamasulira m'Chingerezi amamveka opepuka, mumawafotokoza ngati nkhani ya munthu wina. Mmalawi mnzanu simukhala mukumufotokozera kuti bwanji simungangosiya kutumiza ndalama kumudzi, kapena chifukwa chomwe simuyang'ana munthu wamkulu m'maso, kapena udindo wa amalume pa banja. Therapist wosadziwa zakwathu atha kuona ulemu wanu ngati kudziderera, n'kumakuphunzitsani kuyankha akuluakulu mwanjira yoti ikusiyani opanda abale. Kudzichepetsa ndi kudziderera ndi zinthu ziwiri zosiyana: wodzichepetsa amagwada popereka madzi koma mumtima akudziwa kuti ndi munthu, ndipo pakafunika kukana amakana mwaulemu, pomwe wodziderera amatumiza ndalama ya lendi kwa msuweni wofuna foni yatsopano chifukwa akuopa kuti akakana ndiye kuti ntchito yake padziko yatha. Therapist wanu ayenera kutha kusiyanitsa ziwirizi, kapena akhale wofunitsitsa kuphunzira kwa inu.

Koma Malawi ndi wamng'ono achemwali, ndipo Amalawi a ku Britain ndi ochepa kwambiri, timakumana pa maliro, pa ma bridal shower, m'magulu a WhatsApp. Olo munthuyo atakhala wosunga chinsinsi chotani, ngati inuyo mumtima mukuopa kuti amadziwana ndi alamu anu simudzamasuka, muzingomuuza zoyera zokhazokha. Ena amamasuka kwambiri ndi munthu wachilendo amene sadzakumana naye ku tchalitchi. Komanso Mmalawi wina atha kukhala ndi maganizo omwewo omwe anakupwetekani, oti mkazi amapirira, zimenezo ndi za azungu, ingopempherani. Pemphero sindikulitsutsa, anthu ambiri limawagwira dzanja pa nthawi yovuta ndipo therapist wabwino amalemekeza chikhulupiriro chanu, koma mukulipira kuti muthandizidwe ndi luso lomwe anaphunzira.

Ngati mwasankha wa kumudzi woti muzilankhulana pa WhatsApp kapena Zoom, mtengo ukhala wotsika poyerekeza ndi mapaundi, koma mufunse komwe anaphunzira ndi komwe analembetsa. Kwathu aphungu ambiri a zamaganizo anaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu, ena anadutsa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo a zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba. Mukumbukire kuti Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri nthawi yozizira ya konko, ola limodzi nthawi yotentha, komanso magetsi ndi netiweki zimatha kudula nkhani pakati, nde mugwirizane kuti zikatero muzitani. Chachikulu ndi choti munthu ali ku Lilongwe sangakuitanireni ambulansi ku England, choncho GP wanu adziwebe zomwe mukudutsamo. Kwa anzathu ali ku South Africa kaundula wake ndi wa HPCSA, ndipo SADAG, bungwe lothandiza anthu a nkhawa ndi kukhumudwa, imathandiza pa foni.

Maganizo anga ndi oti mtundu wa munthu usakhale choyamba. Choyamba akhale wolembetsedwa, chachiwiri akhale ndi njira yomveka yogwirira ntchito pa kudziderera, chachitatu mukhale omasuka kumutsutsa. Mukapeza Mmalawi kapena wa ku Zambia wokwaniritsa zitatuzi ndi mwayi waukulu, mukapanda kumupeza wa ku Nigeria, wa ku Jamaica kapena mzungu amene amafunsa asanagamule angakuthandizeni bwino lomwe.

Malo olankhulira nawonso muwaganizire, poti ambiri konko mumakhala nyumba imodzi anthu angapo makoma ake opyapyala. Mahedifoni amabisa mawu a therapist okha, anu amamvekabe. Ena amalankhulira mu galimoto itaima, ena amasankha nthawi yomwe anzawo ali kuntchito. Musaike sesheni mutangoweruka shifiti ya usiku, mutu umakhala utatopa, ndipo musiyeko mphindi zingapo mukamaliza musanathamangire kwina.

Pali chinanso chomwe sindingachisiye. Pena munthu amati ndili ndi vuto lodziderera pomwe zoona zake n'zoti pali wina amene akumunyoza tsiku lililonse, mwamuna kunyumba kapena bwana amene amamuopseza ndi viza. Osamalira okalamba ochokera kunja ambiri akumana ndi zotere ku Britain. Ngati ndi choncho therapy ikuthandizani kuona bwino zomwe zikuchitika, koma pafunikanso thandizo la mtundu wina, monga Citizens Advice ndi Acas, omwe amalangiza za ufulu wanu ndi malamulo a ntchito, kapena bungwe la antchito ngati Unison, ndipo therapist amene akungokuphunzitsani kupirira nkhanzazo sakukuthandizani. Ndipo ngati maganizo afika poti bola kufa, kapena mwayamba kudzivulaza, musadikire tsiku la sesheni. Imbani Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali pamavuto, pa 116 123, ndi yaulere usana ndi usiku, kapena NHS pa 111, ndipo ngati moyo uli pa chiopsezo pompo imbani 999.

Mukayamba, dzipatseni masesheni asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kenako muone. Pali mafunso khumi omwe Morris Rosenberg anapanga mu 1965 oyezera mmene munthu amadzionera, amapezeka aulere pa intaneti, muwayankhe musanayambe n'kudzayankhanso nthawi imeneyo. Koma manambala asakhale okha, muonenso pa moyo: kodi mwakanako chinthu chomwe kale mukanavomera? Mukadzudzulidwa zikukutengerani usiku umodzi mmalo mwa sabata? Masabata oyamba mutha kumva kuwawa kuposa kale chifukwa mukukumba zinthu zomwe munazikwirira kalekale, zimenezo zimachitika ndipo mumuuze. Chosayenera ndi kutuluka mu sesheni iliyonse mukumva kuti mwaweruzidwa kapena simunamvedwe.

Zikakhala choncho muuzeni, mungonena kuti zomwe munanena sabata yatha sizinandikhale bwino, kapena sindikuona kusintha, tingasinthe kachitidwe? Ndikudziwa kuti kwa inu chiganizo chimenechi ndi cholemera, mtima uzagunda, mwina muzafuna kupepesa katatu musanachimalize. Nenanibe. Therapist wodziwa ntchito amakondwera kumva zotere chifukwa ndi zomwe wakhala akufuna kuti muzitha kuchita kunjako, ndipo azakhala nanu pansi kuona chomwe chasokonekera. Akakwiya kapena akakubwezerani mlandu kuti ndinuyo simukulimbikira, mulembereni meseji yaifupi yoti mwaganiza zosiyira pamenepo ndipo mukuthokoza, simukuyenera kupereka zifukwa, kenako mubwerere kwa wachiwiri uja pa anthu omwe munacheza nawo poyamba.